Madijeyi Odya Oimba

Ndagi! Mwati gize? Nayi: amalume anga khutu lina amatseka ndi chivindikiro, linalo amatseka ndi pakamwa pawo pomwe, koma ndiwo amauza dziko lonse chokoma kumva. Ndani ameneyo?

Musathamangire kwa agogo anu, iyi saidziwa. Yankho lili m'kati mwa nthanoyi, ndipo mukakumana nalo mulizindikira nokha.

Padangokhala. Vomerani kuti tili tonse, koma mukhalepodi, osati thupi lili pano mtima uli pa foni.

Kunali dziko lina la nyama kumene nyimbo sinkaloledwa kulira pa ukwati, pa chinkhoswe, pa wayilesi kapena m'kalabu isanavomerezedwe ndi Komiti ya Madijeyi. Komitiyo inali ya akuluakulu atatu. Wapampando anali a Nang'omba, mbalame ya mawu onga mtondo ukugubuduzika, amene pa maiki ankadzitcha Gunda-Gunda. Wachiwiri wawo anali a Gondwa, odziwika kuti Mchira Wamoto. Awa unyamata wawo wonse anathera atatsamira sipika, mpaka makutu anatopa n'kupuma pantchito. Nyimbo ankaimvera m'mimba, pansi pakamanjenjemera. Mlembi anali a Bilimankhwe, dzina lapantchito Paliponse. A Mlembiwa Chauta anawadalitsa ndi maso: lina linkayang'ana Wapampando, lina anthu ovina, ndipo maganizo awo onse ankachokera ku diso loyambalo.

Loweruka lililonse masana oimba ankabwera ku holo ya Komiti ndi nyimbo zawo pa fulashi. Wokanidwa koyamba ankauzidwa kuti akakonze. Wokanidwa kachiwiri, akakonzenso. Wokanidwa kachitatu ankadyedwa pomwepo, anthu akuona, pofuna kuteteza chikhalidwe. Ndipo ukangoyamba panalibe zoti ndasintha maganizo, ndizikagulitsa tomato. Wosabweranso a Gondwa ankamulondola kwawo, ndipo kukumba una ankakudziwa.

Tsono poti oimba ambiri m'dzikomo anali ziwala, nyenje ndi tiachule, Komiti inkateteza chikhalidwe modzipereka kwambiri, moti a Gondwa lamba anali atasiya kuwakwana.

Lamlungu atatuwa ankapita pa wayilesi kukadandaula.

"Nyimbo zinatha," ankatero a Nang'omba, uku akupukuta mlomo. "Rapu imeneyi ndi chiyani? Munthu kumalankhula yekha mokalipa, wina n'kumuikira ng'oma kumbuyo. Kwathu wotere timapita naye kuchipatala."

"Za m'kalabu ndiye musanene," ankawonjezera a Gondwa mofuula, poti sankadzimva. "Mawu atatu okha mpaka nyimbo kutha: gwedeza, gwedeza, gwedezanso. Ife kale tinkasenza mabokosi a zimbale pamutu, khosi kuchita kulowa m'kati. Nyimbo inkalemera! Lero nyimbo zonse za m'dziko zikukwana m'kanthu konga nyemba. Chinthu chopepuka choncho chingakhale ndi nzeru?"

"Ndimati ndinene zomwezo," ankatero a Bilimankhwe.

Tsiku lina wofunsa mafunso pa wayilesipo anati, "Komabe mabwana, mwa oimba atsopanowa palibe ndi mmodzi yemwe amene anakusangalatsani?"

A Gondwa anaganiza nthawi yaitali. "Mnyamata uja Nyenje anali bwino," anatero. "Makamaka ndi tsabola."

M'dziko lomwelo munali mtsikana wina, Nkhululu, woimba chamba cha rapu. Ankakhala yekha mu una umene anadzikumbira, ndipo anali wolota ali maso. Akamasesa ankaona anthu osawadziwa akuvina nyimbo yake pa ukwati wakutali. Akamatunga madzi ankamva ana akuiimba molakwitsa mawu, iye n'kumawamwetulira, chidebe chikusefukira.

Anzake anamuchenjeza. "Iwe, ku holo kuja anthu amalowa ndi fulashi n'kutuluka ali m'mimba mwa wina."

"Amenewo nyimbo zawo zinali zoipa," ankatero Nkhululu. "Yanga akangoimva basi."

Musamuseke. Nzeru anali nazo, kungoti zinali zisanadzuke.

Loweruka loyamba anapeza patsogolo pake pali mnyamata wina, Bwannoni, wa magalasi akuda ndi tcheni m'khosi, amene kunali kubwera kwake kwachitatu. Nyimbo yake inalira pang'ono, Komiti inalankhula kwambiri, ndipo posakhalitsa pa tebulo panatsala magalasi ndi tcheni basi.

"Zimatipweteka mtima," anatero a Nang'omba akumeza. "Wotsatira!"

Nkhululu anagwada n'kupereka fulashi ndi manja awiri. Wapampando anaibaya pa makina, anavala hedifoni khutu limodzi monga amachitira madijeyi, n'kudina.

Biti inayamba. Nkhululu wa m'sipika atangoti atsegule pakamwa, a Nang'omba anatsitsa voliyumu.

"Eee! Gunda-Gunda pa makina! Moni kwa alamu anga kudambo, ndikudziwa mukumva, mundisungire nkhono!"

Voliyumu inakwera. Panamveka mawu awiri. A Gondwa analanda maiki.

"Sssss! Mchira Wamoto! Manja m'mwamba! Opanda manja, michira m'mwamba!"

"Zoonadi, zoonadi!" anatero a Bilimankhwe pa kamaiki kawo. "Paliponse ali pano, akuvomereza!"

Kenako inafika kolasi, imene Nkhululu anaipeka miyezi yambiri. Inkanena za mtsikana wokhala pansi pa nthaka amene sakupempha zambiri, koma zenera limodzi lokha loti mwezi uzimuonerapo. Inkayamba chapansipansi ngati munthu akudzilankhulira, n'kumakwera, n'kumakwera, kenako n'kudzigwetsa pa biti, thi! Pamalo penipeni pamenepo a Nang'omba analengeza kuti mwini njinga imene yatseka pakhomo akaichotse. Atatha kulengeza anazimitsa nyimbo, poti dijeyi weniweni salola nyimbo kufika kumapeto. Ikatha yokha anthu angaganize kuti makina akudziyendetsa.

"Mwanawe," anatero Wapampando, "ukuthamangira kuti? Mawu akuchita kupondana ngati mbuzi potuluka m'khola. Uku si kuimba, ndi kukangana ndi biti. Nanga uthenga uli kuti? Kale nyimbo inkalangiza. Munthu unkapita kudansi uli wakuba, pobwera uli mkulu wa mpingo."

"Ine m'mimba simunagwedezeke," anatero a Gondwa. "Bezi mulibe. Kale bezi inkachiza nyamakazi."

"Ndimati ndinene zomwezo," anatero a Bilimankhwe. "Kamodzi."

Nkhululu anapita kwa Kangaude, amene anali ndi situdiyo kuseri kwa chigayo ndipo ankakonza nyimbo ndi miyendo yake yonse nthawi imodzi.

"Akuti ndichepetse liwiro, ndiikemo malangizo, ndiwonjezere bezi."

"Asisi," anatero Kangaude, "mukumvera malangizo a anthu amene akukuonani ngati ndiwo?"

"Ingokonzani, achimwene. Akuluakulu aja anayamba ntchitoyi ife tisanabadwe."

"N'chifukwa chake ambiri obadwa pambuyo pawo sakuoneka."

Komabe anakonza. Anaikamo vesi yolemekeza makolo, ina yoletsa kuba, ina ya kusamba m'manja. Bezi anaithira mpaka a pachigayo anabwera kudzafunsa ngati makina awo avuta. Kolasi yokha sanaikhudze. Ndipo poti ulendo woyamba malangizo ena anamudutsa chifukwa cha mantha, Loweruka lachiwiri Nkhululu anatsegula foni yake kuti ijambule zonse, akamvetsere bwino kunyumba.

Zinayenda monga kale. Alamu akudambo analandiranso moni. Michira inalamulidwanso. Kolasi ya zenera ndi mwezi itangoyamba kukwera, a Nang'omba anakumbukira kuti pali mwana wasochera, wavala malaya ofiira, ndipo akulira. M'timipata mmene nyimbo inkapumira, ziwala zakumbuyo zinkagwedeza mitu. Diso lachiwiri la a Bilimankhwe linaziona, mwendo umodzi n'kuyamba kubiriwira ngati ziwalazo, koma diso loyamba linaudzudzula, n'kubwerera mwakale.

"Kodi tili pamaliro?" anafunsa Wapampando atazimitsa. "Nyimbo kukwawa chonchi ngati a Mlembi akuoloka msewu! Nanga ulaliki wonsewu ngwachiyani? Tikafuna malangizo tili ndi ankhoswe. Kale nyimbo inali yovina. Unkavina mpaka nsapato kutsala m'bwalo, iwe kufika kunyumba osadziwa."

"Bezi yachuluka," anatero a Gondwa. "Yandivundulira nkhomaliro. Ana amakono mumabisala kuseri kwa bezi chifukwa mawu mulibe. Makina ndiwo akukuimbirani."

"Kawiri," anatero a Bilimankhwe, n'kuyang'ana ntchafu za Nkhululu ndi maso onse awiri, chinthu chimene sichinkachitika kawirikawiri.

"Pepani mabwana, ndifunse nawo," anatero Nkhululu. "Kolasi yokha mwaiona bwanji?"

"Zolaula zokhazokha," anayankha Wapampando osaganiza n'komwe. "Ana inu nkhani yanu ndi imodzi: magalimoto, mowa ndi ziuno. Ine ndachita manyazi pamaso pa azimayiwa."

Nkhululu anangoti kukamwa yasa. M'kolasimo munalibe galimoto, munalibe botolo, chiuno ndiye ayi. Anayang'ana hedifoni ili pa khutu lina la Wapampando, anayang'ana mlomo umene unali usanatsekeke chiyambire masana, ndipo pomwepo anawadziwa amalume a m'ndagi ija. Inunso mwawadziwa.

Anathamangira kwa Kangaude.

"Loweruka likubwerali andidya."

"Thawani."

"Ndithawire kuti? Nyenje uja anakamukumba mpaka kwa azakhali ake."

"Ndiye tipange ina yabwino kuposa."

"Yabwino kwa ndani? Achimwene, anthu aja sanamvepo nyimbo. Ndikhoza kuwapatsa kulira kwa chigayochi, ayankha zomwezo."

Anatsegula foni kuti Kangaude adzimvere yekha. Mawu a Nkhululu ankangotulukira apo ndi apo ngati munthu akumira. Zina zonse zinali eee, sssss, zoonadi, alamu, michira, mwana wa malaya ofiira. Nkhululu analira pang'ono, poti ngakhale ochenjera amafuna kukhala ndi moyo. Akupukuta misozi anaona chinthu.

"Achimwene, mwendo wanu wakumbuyowo ukutani?"

Kangaude anauyang'ana. Unali ukugunda pansi.

"Aaa, wangoyamba wokha. Sssss wa a Gondwayu akugwera pa biti bwinobwino, ndiye mwendo..."

"Ndiye tiwadule," anatero Nkhululu, misozi itauma. "Ine mundichotsemo yense, musiye atatuwo. Eee akhale bezi, sssss akhale maseche, zoonadi azitsekera mzere. Mayina awo okha muwasunthire kumapeto kwenikweni."

"Asisi, mutu ukuyenda? Munthu angalephere kuzindikira mawu ake?"

"Anadzimvapo liti? Kuti udzimve umayenera kukhala chete kaye."

Kangaude anaganiza, miyendo yonse ili m'mwamba. "Chabwino. Koma azikalankhulanso pamwamba pake. Amene aja simungawatseke pakamwa."

"Zimenezo mundisiyire. Munthu malovu akadzaza m'kamwa salankhula."

Loweruka lachitatu holo inadzaza, poti tsiku lodya munthu anthu sajomba. Kunabwera ndi nyama zikuluzikulu zomwe, zimene nyimbo sizinkazikhudza koma zinkakonda kuona chilungamo chikuchitika: a Chiuli, a Fisi, Mayi Nsato ndi kamwana kawo. A Gondwa anabwera ndi mchere ndi tsabola wa kambuzi m'thumba la jekete. Pa tebulo la Komiti panali mkangano wa manong'onong'o umene holo yonse inkaumva, chifukwa a Gondwa kunong'ona sankakudziwa.

"Mimba ndi yanga, ndine Wapampando."

"Ulendo watha munadyanso mimba!"

"Ine ntchafu imodzi yokha, mabwana, sindivuta."

"Kanthu kochepa ngati aka tigawana bwanji atatu? Oimba amakono ngakhale kunenepa sakutha!" anadandaula a Gondwa.

Nkhululu anagwada, fulashi ili m'manja.

"Mabwana, ndisanapereke, ndinene chilungamo. Ulendo uno ndinaona kuti ndekha sindingathe, ndiye ndapanga kolabo. M'nyimbomu mukuimba anthu atatu. Ine ndangoikamo biti."

"Atatu?" anatero a Nang'omba.

"Atatu, bwana. Akuluakulu ndithu. Mmodzi ndiye lamba anasiya kumukwana."

A Gondwa, amene mawu ambiri ankawaphonya, awa anawamva. "Ali kuti?"

"Ali pafupi. Akufuna amve kaye maganizo anu."

A Nang'omba anameza malovu. Anavula hedifoni n'kuiika pa tebulo, kuti ayeze kunenepa kwa oimbawo ndi makutu onse awiri. A Gondwa anakanikiza mutu pa sipika. Maiki zonse zitatu zinagona pansi. Okalamba ena m'holomo anati chibadwire anali asanaonepo zotere, ndipo mmodzi anafunsa ngati magetsi azima.

Nyimbo inalira. Kolasi yake inali ya mawu atatu olandizana. Liwu lalikulu linkabuula kuchokera pansi pa mimba ngati ng'ombe yoiwalidwa panja, n'kupereka moni kwa alamu. Lachiwiri linkafwenthera pamwamba pake n'kulamula michira. Lachitatu, laling'ono ndi laulemu, linkangobwera pomaliza kudzavomereza. Zikatero zinkabwerera poyamba, ndipo mwana wa malaya ofiira ankasochera n'kusocheranso, osapezeka.

Holo inazindikira pa eee woyamba. Ziwala zinaluma mapiko kuti zisaseke. A Fisi anatuluka panja kukaseka, anabwerako, anatulukanso. Koma choipa kwambiri n'chakuti nyimboyo inkavinika. Michira inakweradi m'mwamba, koyamba m'mbiri ya holoyo.

Isanathe, a Nang'omba anaizimitsa mwachizolowezi.

"Ndakhala pa makina kuyambira nthawi ya makaseti," anatero, "koma zonyansa ngati izi sindinazimvepo. Wa mawu aakuluyo ndani? Ndamumva, akuyesa kubera kalankhulidwe kanga. Mpaka alamu omwe akuba! Koma liwu lake ngati mtsuko wong'aluka. Munthu wotere akamagwira maiki pagulu, abale ake amakhala ali kuti osamuletsa?"

"Winayo akungofwenthera ngati tayala lobooka," anatero a Gondwa. "Ndi matenda kapena ndi luso? Amenewa ndiwo atiipitsira makalabu."

Onse anayang'ana a Bilimankhwe kudikira zomwezo. Koma a Mlembi anali atafiira ndi mkwiyo weniweni, ndipo kwa nthawi yoyamba ananena maganizo awoawo.

"Ine wandinyansa ndi wachitatuyo. Alibe mawu akeake! Anzake akati eee, iye zoonadi. Akati sssss, iye zoonadi. Munthu wamkulu kumangokhala chithunzithunzi cha anzake! Ameneyo mundipatse ine."

Nkhululu anagwetsa nkhope ngati wamva chisoni. "Achitireni chifundo, mabwana. N'koyamba. Lamulo limati katatu."

"Zoipa chonchi sizidikira katatu," anatero Wapampando. "Chikhalidwe chingafe ife tikuwerenga. Lero lomwe!"

"Ali ndi mabanja, bwana."

"Mabanjawo apumula."

"Nanga ine?"

"Iwe uli ndi nyama yanji? Tipatse atatuwo, iwe uzipita. Mlandu wako watha."

"Ndine wamng'ono, bwana, mawa mudzati sindinamve bwino. Mukananenera pa maiki."

Dijeyi sapemphedwa kawiri kugwira maiki. A Nang'omba anaimirira, anakonza kolala, n'kulengeza ndi liwu lonse kuti Komiti yagamula: oimba atatu a m'nyimboyi adyedwe lero, popanda apilo, ndipo mtsikana Nkhululu ndi mfulu, iye ndi nyimbo zake. Anafunsa ngati holo yamva. Holo inati yamva. A Chiuli anati iwo amva kwambiri, n'kukatsamira chitseko.

"Tsono tchula mayina," anatero Wapampando.

"Adzitchula okha, bwana. Ali kumapeto kwa nyimbo. Mungoisiya ithe."

"Ithe?" Wapampando anayang'ana makina ngati awapempha kuchita zamanyazi. Koma njala inawagonjetsa, n'kudina.

Biti inabwerera, inayenda pang'ono, n'kuima. Ndipo m'kachetechete liwu la mtsuko wong'aluka lija linafuula kuti Gunda-Gunda ali pa makina. Tayala lobooka linadzitcha Mchira Wamoto. Chithunzithunzi chinati Paliponse ali pano, akuvomereza.

Ulendo uno a Fisi sanathe kufika pakhomo.

"Ati ndani?" anafunsa a Gondwa, amene anali atachotsa mutu pa sipika kuti amasule mchere. "Ndi onenepa?"

A Bilimankhwe anasanduka mtundu wa khoma, kenako wa tebulo, kenako wa jekete la Wapampando.

"Bwana," anatero chapansipansi, "mukaimvetsera kachiwiri nyimboyi, ili ndi uthenga. Ndipo wachitatu uja, pena pake, akuthandiza."

"Lamulo!" chinafuula chiwala china kumbuyo.

"Lamulo! Lamulo!" zinalandira nyenje, tiachule, ndi amasiye onse a oimba amene anateteza chikhalidwe ndi matupi awo.

A Nang'omba anayang'ana holo, anayang'ana a Chiuli pachitseko, anayang'ana maiki. Anatsokomola.

"Komiti ino sibweza mawu," anatero. "Si choncho, a Mlembi?"

"Zoonadi," anatero a Bilimankhwe, poti pakamwa panazolowera. Ndipo amenewo anali mawu awo omaliza. Mchira wokha ndiwo unavuta pang'ono kulowa kukhosi kwa Wapampando.

Apo a Gondwa anamva. Sanamve ndi makutu ayi, anamvera m'mimba monga mwa masiku onse. Anataya mchere, anatulukira pa zenera ndi felemu lomwe, n'kukadziponya mumtsinje. N'chifukwa chake mpaka lero gondwa akangomva pansi pakugunda amathawira m'madzi. Amayesa aikanso nyimbo ija.

"Wachiwiri wathawa chilungamo," analengeza a Nang'omba, khosi likadali lotupa. "Tamuchotsa mu Komiti. Nkhaniyi yatha, ndipo tithokoze onse amene anabwera."

Nkhululu anaimirira. "Ndizipita, bwana?"

"Choka."

"Nanga fulashi yanga?"

"Fulashi ikhale. Ndaiganiziranso nyimboyi. Mbali zina ndi zachibwana, koma wa mawu aakulu uja ali ndi tsogolo. Mawu okhwima ngati aja masiku ano ndi osowa."

Nkhululu anadutsa pakati pa ziwala zikumugwira mapiko, anadzera pansi pa miyendo ya a Chiuli, ndipo atafika panja anadumpha kamodzi, kokwera kuposa mmene anadumphirapo chibadwire, ali ndi ntchafu zake zonse ziwiri.

M'katimo a Nang'omba anaona kuti maso a anthu akadali pa iwo, ndiye anachita zimene dijeyi amachita zinthu zikavuta: anaikanso nyimbo ija, n'kukweza voliyumu mpaka malata kunjenjemera. Anthu anavina, poti biti inali yabwino ndipo miyendo ilibe manyazi. Anavina a Chiuli osachoka pachitseko, anavina amasiye, Mayi Nsato anavina thupi lonse. Wapampando mtima unayamba kukhala pansi. Unakhala pansi kwambiri moti phiko linapita lokha pa makina, n'kutsitsa voliyumu kuti apereke moni kwa alamu.

M'kachetechete kameneko, asanatsegule mlomo, kamwana ka Mayi Nsato kanamveka holo yonse.

"Amayi, anati atatu. Nanga a Wapampandowo awadya ndani?"